Mdani wa kanema amagona m'nyumba momwemo

Zimakonda kuchitika mpira ukafika pokoma. Wosewera wakutsogolo watsala ndi goloboyi yekha, onse pabalaza adzuka m'mipando, kenaka chithunzi chija chaima njii. Nkhope ya wosewerayo yasweka timabokositimabokosi, woulutsa mawu wayamba chibwibwi, ndipo posakhalitsa pagalasi patsala mdima ndi mawu awiri a Chingerezi omwe ngakhale agogo adawaloweza kale: No Signal.

Zikatero aliyense amadziwa ntchito yake. Mnyamata amathamangira panja kukagwira mlongoti wa eriyo, mlongo wake n'kuima pazenera kuti azipereka uthenga.

"Achimwene, tembenuzani pang'ono! Bwererani! Basi pomwepo. Ayi, yachokanso!"

Pomwe chithunzi chizibwerera, chigoli chimakhala chitalowa kale ndipo nthungululu zamveka kwa aneba. Chotsatira ndi chigamulo cha ana: "Adada, dikoda iyi yatha, mungogula ina."

Ku Chiputula, Chibavi, Mchengautuwa, Zolozolo kapena Luwinga mumzinda wa Mzuzu, sewero limeneli si lachilendo. Pabanja imangokhala nkhani yoseka mawa lake. Koma kwa amene amadyera kanema, monga eni malo oonetsera mpira, si zoseketsa. Anthu amaitanitsa ndalama zawo, ndipo Loweruka linalo amakaonera kwina.

Chopweteka n'chakuti ambiri amathamangira kumsika kukagula dikoda ina, kapena kabokosi kokweza mphamvu kotchedwa busta, n'kupeza kuti vuto likadalipo. Ndalama ya ufa yapita, kanema akudukadukabe. Nthawi zambiri dikoda imakhala ilibe mlandu. Wolakwa amakhala waya wong'ambika, adaputa yotopa kapena chaja yomwe yalumikizidwa kuseri kwa kanema komweko.

Kuchoka pa mchenga kufika pa timabokosi

Wailesi yakanema ya dziko lino, Television Malawi, idayamba kuulutsa m'chaka cha 1999. Nthawi imeneyo zithunzi zinkayenda m'njira yakale ya analogi. Mafunde akafooka, pagalasi pankadzaza mchenga, wosewera mmodzi n'kumaoneka ngati ali ndi chithunzithunzi chake, koma munthu ankathabe kutsatira mpira mpaka wenzulo yomaliza.

M'chaka cha 2006 maiko a mu Africa, ku Ulaya ndi ku Middle East adakumana mumzinda wa Geneva pansi pa bungwe loona za mauthenga padziko lonse la ITU. Kumeneko adagwirizana kuti pofika pa 17 June 2015 akhale atasamukira ku njira yatsopano ya dijito. Tsikulo litadutsa, dziko louma khosi pa analogi silikadakhalanso ndi podandaula mafunde a dziko loyandikana nalo akalowerera mawailesi ake akanema.

Kwa anthu a m'chigawo cha kumpoto nkhaniyi idali ya pakhomo, chifukwa mafunde sadinditsa pasipoti pa Songwe. Dziko la Tanzania lidayamba kuzimitsa makina ake akale pa 31 December 2012 mumzinda wa Dar es Salaam.

Maiko a m'bungwe la SADC adasankha njira ya dijito yotchedwa DVB-T2 m'chaka cha 2010. Malawi adayatsa makina ake a dijito kumapeto kwa 2013, ndipo ntchito yonyamula mapologalamu a mawailesi osiyanasiyana idapita m'manja mwa kampani ya boma ya Malawi Digital Broadcast Network Limited, yomwe idabweretsa dikoda ya Kiliye Kiliye. Makina akale adazimitsidwa pang'onopang'ono, dera ndi dera.

Phindu lake lidaoneka msanga. Mpata wa mumlengalenga womwe kale unkanyamula wailesi imodzi udayamba kunyamula mawailesi oposa khumi, zithunzi zili mbee. Koma walira mvula walira matope. Mchenga udapita, m'malo mwake mudalowa timabokosi.

Zipata zinayi

Ambiri amaganiza kuti kanema wa dijito ndi manambala okhaokha kuchokera ku situdiyo mpaka pabalaza. Sizili choncho. Mlengalenga sunyamula manambala, umanyamula mafunde. Diso ndi khutu la munthu nazonso sizimva manambala. Choncho uthenga umasintha maonekedwe kangapo panjira, ndipo paliponse pomwe ukusintha pali kachipangizo komwe kali ngati chipata.

Chipata choyamba chili mukamera ndi mumaikolofoni. Kuwala ndi mawu zimalowa ngati mafunde, ndipo kachipangizo kotchedwa ADC kamaziyeza n'kuzisandutsa manambala a 0 ndi 1. Pa mawu okha, makina a m'masitudiyo amayeza maulendo 48,000 pa sekondi imodzi.

Chipata chachiwiri chili pansanja youlutsira. Apa kachipangizo kena, DAC, kamabweza manambala aja kukhala mafunde kuti athe kuuluka.

Chachitatu chili m'dikoda yapabalaza ija. Eriyo ikatola mafunde, ADC ya m'dikoda imawayezanso kuti ipeze manambala omwe adatumizidwa. Chachinayi ndi cha iwo omwe akugwiritsabe kanema wakale wa chimimba kumbuyo: dikoda imasandutsanso manambala kukhala mafunde n'kuwatumiza kudzera pa mawaya atatu aja, wachikasu, wofiira ndi woyera.

Zipata ziwiri zoyamba zili m'manja mwa akatswiri. Ziwiri zomalizazi zili m'nyumba ya munthu, pakati pa machaja, mababu, mainveta ndi mawaya opiringizana. Pamenepa ndi pomwe mdani amalowera.

Sikelo yosafuna chigwedegwede

Ntchito ya ADC ikufanana ndi ya sikelo yoyezera khofi kapena chimanga. Kuti inene zoona imafuna zinthu ziwiri: pansi pasagwedezeke, ndipo katundu asapose mlingo wake. Lole ikadutsa pafupi, muvi umavina ndipo wowerenga amalemba nambala yolakwika. Munthu akaikapo matumba atatu pa sikelo ya thumba limodzi, muvi umakagunda kumapeto n'kukhala komweko.

Mafunde omwe eriyo imatola ndi ofooka zedi. Magetsi a ESCOM amalowa m'nyumba ndi mphamvu ya mavoti 230, pomwe mafunde a kanema amafika ndi kachigawo kakang'onong'ono ka voti imodzi. Chilichonse chotulutsa phokoso la magetsi pafupi ndi waya wa eriyo chili ngati lole ija.

Phokoso limeneli silimveka ndi khutu, koma pafupifupi aliyense adakumanapo nalo. Foni ikakhala pafupi ndi sipika, pamamveka kulira kwa tu-tu-tu isanaitane n'komwe. Mafoni a netiweki ya GSM amatumiza uthenga wawo modukizadukiza maulendo pafupifupi 217 pa sekondi, ndipo waya wa sipika umatola kugunda kumeneko ngati kuti ndi eriyo.

Machaja, maadaputa, mababu ena a LED ndi mainveta a sola amagwira ntchito poyatsa ndi kuzimitsa magetsi maulendo zikwizikwi pa sekondi. Opangidwa bwino amakhala ndi tizipangizo totsekera phokoso limeneli m'kati. Ena otsika mtengo alibe, ndipo amalimwaza m'nyumba monse. Jenereta, makina ometera, njinga yamoto yolira pakhomo ndi makina owotcherera zitsulo nazo zimathetheka moto womwe umamwaza phokoso lomwelo.

Ngakhale m'kati mwa dikoda momwemo muli nkhondo. Mbali yowerenga manambala imagunda maulendo mamiliyoni pa sekondi, pomwe mbali yolandira mafunde imafuna bata. N'chifukwa chake opanga amazitalikitsa mbali ziwirizi, n'kuvindikira yolandira mafunde ndi kabokosi kachitsulo. Amaikanso sefa patsogolo pa ADC kuti mafunde osafunika asalowe, popeza akangolowa amasanduka manambala abodza omwe sangasiyanitsidwenso ndi enieni.

Bwanji chithunzi chimangogwa kamodzi?

M'chaka cha 1948 katswiri wa masamu wa ku America, Claude Shannon, adaonetsa kuti uthenga utha kudutsa m'njira yaphokoso osaonongeka, bola phokosolo lisapose malire ena ake. Kanema wa dijito adamangidwa pa nzeru imeneyi.

Pamodzi ndi manambala a chithunzi, nsanja imatumizanso manambala ena apadera othandiza dikoda kuzindikira ndi kukonza zolakwika. Zili ngati kalaliki amene amalemba mitengo ya katundu n'kulembanso chiwonkhetso pansi. Nambala imodzi ikafufutika, chiwonkhetso chimaulula kuti idali chiyani. Zikafufutika zambiri, palibe chomwe angachite.

Apa ndiye pagona kusiyana kwa njira ziwirizi. Analogi inkadwala pang'onopang'ono, munthu akuona. Dijito imabisa matenda. Dikoda imatha kukhala ikukonza zolakwika mwakachetechete kwa miyezi, chithunzi chili bwinobwino, kufikira tsiku lomwe wina walumikiza chaja imodzi yowonjezera. Pamenepo chithunzi chimagwa ngati munthu woterereka paphompho. Banja limaona ngati dikoda yafa mwadzidzidzi, chonsecho idakhala ili m'mphepete mwa phompholo kuyambira kale.

Nkhani yotere si ya kuno kokha. M'chaka cha 2020 kudamveka za mudzi wa Aberhosan ku Wales, komwe kwa miyezi 18 intaneti ya mudzi wonse inkasokonekera 7 koloko m'mawa uliwonse. Akatswiri a kampani ya Openreach adasintha mawaya ambiri koma osaphula kanthu. Atayendera mudziwo ndi makina ofufuzira mafunde, adapeza kuti munthu wina ankayatsa kanema wake wakale nthawi imeneyo tsiku ndi tsiku. Kanema mmodzi yekhayo ndiye ankagwetsa mudzi wonse. Mwini wake atalonjeza kuti sadzamuyatsanso, vuto lidatheratu.

Mapiri ndi mvula ya Mzuzu

Mzinda wa Mzuzu, womwe pa kalembera wa 2018 udapezeka ndi anthu 221,272, uli ndi zovuta zakezake. Udamangidwa pa zitunda ndi zigwa za mapiri a Viphya, ndipo mafunde a kanema sakonda kukhota. Nyumba ya pamtunda itha kulandira bwino ndi eriyo yaifupi, pomwe ya kudambo, mamita ochepa chabe kuchokera pamenepo, ikufuna mlongoti wautali.

Kenaka pali chinyezi. Mvula ya ku Mzuzu imachedwa kusiya, ndipo ikasiya mumalowa nkhungu ndi mawawa a m'miyezi yozizira. Kwa omwe ali ndi dishi ya setilaiti, mvula yamphamvu imatchinga mafunde mumlengalenga momwemo, ndipo mankhwala ake n'kudikira kuti ikate. Koma mafunde a eriyo wamba saopa mvula kwenikweni. Kanema wa eriyo akamavuta nthawi ya mvula, kawirikawiri ndiye kuti madzi alowa mu kebulo kapena polumikizira.

Kebulo ya eriyo ili ndi waya mmodzi pakati, wozunguliridwa ndi ukonde wa timawaya tating'ono. Ukonde umenewu ndiwo mpanda wotchinga phokoso. Ukachita dzimbiri, ukadyedwa ndi makoswe kudenga, kapena wina akalumikiza makebulo awiri popota ndi manja n'kukulunga pepala la pulasitiki, mpanda wagwa. Kebulo yonse imasanduka eriyo yotola phokoso la m'nyumba.

Asanatulutse ndalama

Dikoda iliyonse ili ndi tsamba loonetsa timizere tiwiri, kamodzi kolembedwa Strength, kena Quality. Koyamba kamanena kuchuluka kwa mafunde omwe akufika. Kachiwiri kamanena kuyera kwake, ndipo ndiko kofunika kwambiri.

Tonse tiwiri tikakhala pansi, vuto lili ku eriyo kapena kebulo. Mwina eriyo yatembenuka ndi mphepo, mwina ndi yaifupi, mwina mtengo wa mapeyala wakula patsogolo pake. Njira yachidule ndi kuyang'ana komwe yaloza eriyo ya neba yemwe kanema wake savuta, ndi momwe adaigonekera.

Koma Strength ikakhala pamwamba, Quality ili pansi kapena ikuvinavina, mafunde akufika ndithu koma akufika ndi alendo. Apa munthu ayambe wazimitsa zinthu chimodzichimodzi, maso ali pa kamzere ka Quality: chaja ya foni, babu la pabalaza, inveta, firiji. Chomwe chikazimitsidwa kamzere n'kukwera, wolakwa ndi ameneyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Nthawi yomwe vuto limabwera nayonso imaulula zambiri. Likamayamba madzulo okhaokha magetsi a m'nyumba akayatsidwa, mababu ndiwo oyamba kufunsidwa. Likamabwera magetsi akazima, banja litasamukira ku inveta kapena jenereta, yankho lili pomwepo.

Wolakwa akapezeka, nthawi zambiri kumutalikitsa kumakwanira. Kebulo ya eriyo isamangidwe mtolo umodzi ndi mawaya a magetsi. Inveta ndi machaja zikhale patali ndi dikoda, ndipo foni isagonekedwe pamwamba pake. Kachotupa kolimba komwe kamapezeka pa mawaya ena a laputopu si kokongoletsa, kali ndi chitsulo chapadera chomeza phokoso, ndipo tina totere timagulitsidwa patokha toti n'kumanidwa pa waya wa adaputa.

Kebulo ikhale imodzi yosadukiza kuchokera pa eriyo mpaka pa dikoda, yokhala ndi mapulagi ake enieni kunsonga zonse ziwiri. Polumikizira pa panja pamatidwe kuti madzi asalowe, ndipo kebulo ikhotere pansi pang'ono isanalowe m'nyumba kuti madontho azigwera panja.

Busta si mankhwala a chilichonse

Chinthu chomwe chadya ndalama za mabanja ambiri ndi busta. Kabokosi kameneka kamakweza chilichonse chomwe kapatsidwa, mafunde abwino pamodzi ndi phokoso lomwe. Kamathandiza nyumba ya kutali ndi nsanja kapena yomwe kebulo yake ndi yaitali, makamaka kakaikidwa pafupi ndi eriyo. Koma panyumba yomwe ili kale pafupi ndi nsanja, busta ili ngati matumba atatu aja pa sikelo ya thumba limodzi. ADC imadzaza, muvi umagunda kumapeto, chithunzi n'kusowa. Nyumba zina zimachira pongochotsa busta.

Palinso nkhani ya nsanja za mafoni. Maiko atasamukira ku dijito, mpata wina womwe kale udali wa kanema udaperekedwa ku mafoni: choyamba kuyambira 790 mpaka 862 MHz, kenaka 694 mpaka 790 MHz. Kanema adatsala ndi 470 mpaka 694 MHz. Koma maeriyo ndi mabusta akale adapangidwa kuti azitola mpaka 862 MHz, choncho pomwe nsanja yapafupi ikugwiritsa ntchito mafunde amenewa, amawakokera m'dikoda.

Ku Britain adaliwoneratu vutoli pomwe netiweki ya 4G inkayamba pa mafunde a 800 MHz m'chaka cha 2013. Makampani a mafoni adasonkha mapaundi 180 miliyoni, ndipo bungwe la at800 linkagawa tisefa taulere m'makomo okhudzidwa. Kasefa kotere, komwe m'masitolo amakatchula LTE filter, kamaikidwa pakati pa eriyo ndi busta, kapena pakati pa eriyo ndi dikoda ngati busta palibe. Kakaikidwa kuseri kwa busta sikathandiza kwenikweni, chifukwa busta imakhala itadzaza kale.

Adaputa ya dikoda nayo imakalamba, makamaka komwe magetsi amazimazima. Ikatopa imapereka magetsi onjenjemera, ndipo dikoda imayamba kuzima n'kudziyatsa yokha kapena kutaya matchanelo. Kubwereka adaputa ya neba ya mlingo wofanana kwa mphindi zisanu kutha kupulumutsa mtengo wa dikoda yonse. Chofunika n'kuwerenga manambala olembedwa pa adaputayo, popeza ya mavoti ochuluka imaotcha dikoda.

Pa chipata chachinayi chija zizindikiro zake n'zosiyana. Chithunzi sichisweka timabokosi, koma pamaoneka mizere yopingasa yoyenda pang'onopang'ono kukwera kapena kutsika, ndipo sipika imalira ngati njuchi. Kumeneko ndi kugunda kwa magetsi a m'nyumba, omwe amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi, kutalowa mu mawaya atatu aja. Mawaya aafupi ndi abwino amathandiza, monganso kulumikiza kanema, dikoda ndi masipika pa soketi imodzi. Amene kanema wake ali ndi polowera HDMI agwiritse ntchito pamenepo, chifukwa chithunzi chimayenda ngati manambala mpaka kufika m'kanema.

Moyo ndi wodula kuposa mpira

Pa zonsezi pali malire omwe munthu sayenera kudumpha. Mlongoti, makamaka wachitsulo, usadzutsidwe pafupi ndi mawaya a magetsi. Kukayamba ziphaliwali, mwana asatumidwe kukagwira eriyo, ndipo kebulo ndi pulagi zizulidwe mvula isanafike pamutu. Kanema wakale wa chimimba asatsegulidwe ndi munthu wosaphunzira ntchitoyo, chifukwa amasunga magetsi oopsa ngakhale atazimitsidwa. Ndipo mwendo wachitatu wa pulagi usathyoledwe pofuna kuthetsa kulira kwa sipika, popeza ndiwo umateteza munthu chipangizo chikayamba kugwira.

Zikakanika, amisiri okonza mawailesi ndi makanema alipo mumzindamu. Mmisiri wabwino amadziwika ndi mafunso ake. Amafuna kudziwa kuti vuto limayamba nthawi yanji, amayang'ana timizere tiwiri tija, amatsata kebulo mpaka kudenga, asananene kuti pagulidwe chinthu.

Vuto likakhala la mudzi wonse, nyumba zingapo zikudukirana nthawi imodzi, ndiye kuti gwero lake lili kunja. Bungwe la MACRA, lomwe lidakhazikitsidwa ndi lamulo la za mauthenga la 1998, ndilo limagawa mafunde m'dziko muno, kuvomereza zipangizo zolumikizirana ndi kulandira madandaulo a kusokonekera kwa mafunde. Dandaulo la anthu khumi olemba tsiku ndi nthawi yomwe vuto limachitika limamveka msanga kuposa la munthu mmodzi.

Koma m'makomo ambiri nkhani sifika kutali choncho. Imathera kuseri kwa kabati ya kanema, komwe kuli mtolo wa mawaya womwe palibe adaukhudza chigulireni dikoda. Loweruka m'mawa, mpira usanayambe, bambo ndi mwana wawo atha kuumasula mtolowo, kusintha kebulo yodyedwa ndi makoswe n'kusamutsira chaja kuchipinda. Madzulo ake mnyamata uja sadzaimanso panja pa mphepo atakumbatira mlongoti. Adzaonera chigoli ali pampando ngati anzake onse.